Ku Jupiter ndi anzake, nkhani yaikulu ili m'zinthu zomwe kamera siiona

Anthu akamakamba za Jupiter nthawi zambiri amakamba zomwe kamera inajambula, mizere ija yofiirira ndi yoyera, chimphepo chofiira chija chomwe chakhala chikuzungulira kwa zaka zoposa 150, timiyezi tinayi tija tomwe Galileo Galilei anationa ndi telesikopu yake mu 1610. Zokongola ndithu, sindikutsutsa. Koma chinthu chachikulu kwambiri chomwe Jupiter ali nacho sichituluka pa chithunzi chilichonse. Ndikunena dera lonse lomwe mphamvu ya maginito ya pulanetiyi ikulamulira, asayansi amati magnetosphere. Mbali yoyang'ana kudzuwa deralo limafika makilomita mamiliyoni angapo, pomwe kumbuyo mphepo ya dzuwa, tinthu tomwe dzuwa limaponya mosalekeza, imalikoka mpaka kukhala chimchira chachitali moti nsonga yake imakafika kunjira yomwe Saturn amadutsa. Likanakhala looneka ndi maso, bwenzi pano pa dziko lapansi tikuliona lalikulu kuposa mwezi wathunthu, chonsecho Jupiter mwini wakeyo timangomuona ngati nyenyezi yowala basi.

Ine pa nkhaniyi ndili ndi mbali yanga ndipo sindibisa. Zipangizo zomwe zimayeza maginito ndi zija zowerenga tinthu tothamanga m'mlengalenga sizipatsidwa ulemu wokwanira. Sizitulutsa chithunzi choti munthu aike pa foni yake, zimangotulutsa timizere tokwera ndi kutsika tomwe ukatiyang'ana tulo timabwera, koma nyanja ya pansi pa Europa, mwezi wa Jupiter, yomwe lero aliyense akuikamba, ya mwezi mnzake Ganymede, ngakhale akasupe a ku Enceladus, kamwezi ka Saturn, fungo lake loyamba lamphamvu linamveka kudzera mu timizere totopetsa tomweto.

Tiyambe ndi mmene zinthu zimakhalira. Dziko lathu lili ndi maginito chifukwa mkati mwake muli chitsulo chosungunuka chomwe chikuyendayenda. Jupiter alibe chitsulo chotero chochuluka, mbali yake yaikulu ndi haidrojeni, koma mkatikati mwake haidrojeniyo wapanikizika kwambiri mpaka wayamba kudutsitsa magetsi ngati chitsulo, nde muonjezerepo kuti chipulaneti chonsecho chimazungulira kamodzi pa maola osakwana 10. Zotsatira zake ndi maginito omwe mphamvu yake yonse ndi pafupifupi kuwirikiza 20,000 kuposa a dziko lapansi. Tsono tinthu tokhala ndi mphamvu ya magetsi, ma electron, ma proton ndi maatomu omwe ataya electron, sititha kudumpha mizere ya maginito mwachisawawa. Timangoizungulira mizereyo mopota, kupita kumpoto, kubwerera kummwera, kubwereranso, osatuluka. Pa dziko lathu malamba a tinthu totsekeredwa chonchi anapezeka mu 1958 ndi chombo cha Explorer 1 ndipo anatchedwa dzina la James Van Allen. Ku Jupiter ndi zomwezo, kungoti kumeneko zinafika poti zimaphika makina.

Chodabwitsa n'choti anthu anayamba kumva derali asanaliyendere n'komwe. Mu 1955 Bernard Burke ndi Kenneth Franklin ankayesa telesikopu ya mafunde a wailesi ku Maryland, ndipo ankangomva phokoso losokoneza pa 22 MHz. Poyamba ankaona ngati ndi zinthu za pafupi zomwe zikuwasokoneza, koma phokosolo linkabwera mofulumirako ndi mphindi pafupifupi 4 usiku uliwonse, mmene zinthu zakuthambo zimachitira, nde atayang'ana bwino anapeza kuti nthawi imeneyo n'kuti Jupiter akudutsa pomwe telesikopu yaloza. Kenako mu 1964 E. K. Bigg anaona kuti phokosolo limakula malingana ndi pomwe kamwezi ka Io kali pa ulendo wake. Tangoganizani, kamwezi kukhala ndi ulamuliro pa wailesi ya chipulaneti chonse, ndipo nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuti Io ali ndi mapiri ophulika.

Pa Io pano ndichedwapo pang'ono chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Io amazungulira Jupiter pa mtunda wa makilomita pafupifupi 422,000, ulendo umodzi maola 42 ndi theka. Iyeyu akazungulira kanayi, Europa amakhala wazungulira kawiri, Ganymede kamodzi, ndipo kukokana kobwerezabwereza kumeneku kumapangitsa kuti njira ya Io isakhale yozungulira bwinobwino. Pena ayandikira Jupiter, pena atalikira, nde mphamvu yokoka ya Jupiter imangomufinya ndi kumusiya, kumufinya ndi kumusiya, mpaka mkati mwake miyala kusungunuka. Stanton Peale ndi anzake awiri analemba kuti izi ziyenera kuchitika, pepala lawo linatuluka kumayambiriro kwa March 1979, ndipo patangopita masiku ochepa Linda Morabito, injiniya yemwe ntchito yake inali yoona kuti chombo cha Voyager 1 chili pati kwenikweni, anaona chinthu chotumphuka m'mphepete mwa Io pa chithunzi chomwe ankangofuna aonepo nyenyezi. Unali utsi wa phiri lophulika. Lero tikudziwa kuti mapiri otere ku Io alipo oposa 400.

Mpweya wochokera m'mapiriwo, makamaka wa sulufule ndi okosijeni, umathawa pa Io pafupifupi tani imodzi pa sekondi iliyonse. Ukangotuluka, kuwala kwa dzuwa ndi kugundana ndi ma electron ena zimauchotsa ma electron ake, ndipo pompo maginito a Jupiter amaugwira. Apa mpofunika kumvetsa chinthu chimodzi: maginitowo amazungulira limodzi ndi pulaneti, kamodzi pa maola 10 aja, pomwe Io amatenga maola 42, kotero mizere ya maginito imamupitirira Io kuchokera kumbuyo pa liwiro la makilomita pafupifupi 57 pa sekondi. Atomu lomwe linali phee pafupi ndi Io limangozindikira lakokedwa ndi kuthamangitsidwa pa liwiro limenelo. Zonsezi zimaunjikana kukhala chimkombero cha plasma, ndiye kuti mpweya wa tinthu tokhala ndi mphamvu ya magetsi tija, chozungulira Jupiter m'njira ya Io, chomwe Voyager 1 inadutsamo n'kuchiyeza.

Komanso Io yemweyo ali ngati dainamo ya njinga, chinthu chodutsitsa magetsi chomwe maginito akuchidutsa mwaliwiro, nde magetsi ayenera kubadwa basi. Mbali ina ya Io ndi inzake pamakhala kusiyana kwa mavoti pafupifupi 400,000, ndipo magetsi okwana ma ampere mamiliyoni angapo amayenda motsata mizere ya maginito kuchoka pa Io kukagwera kumtunda kwa mpweya wa Jupiter, kumpoto ndi kummwera. Pomwe agwerapo pamawala. Mu 1993 asayansi anaona kadontho kowalako koyamba ndi telesikopu ya infrared, kenako telesikopu ya m'mlengalenga ya Hubble inakajambula bwino, kadontho koyenda motsatira Io, kokhala ndi kamchira kumbuyo. Mu 2002 anaonanso timadontho ta Europa ndi Ganymede. Phokoso lija Bigg analiona likutsata Io limachokera mu chingwe chosaoneka chimenechi.

Nde plasma ija siikhala pamodzi mpaka kale. Popeza ikuzunguliridwa mwaliwiro, imakankhikira kunja n'kuphwatalala ngati chimbale, ndipo ndi imeneyi imafufumitsa magnetosphere ya Jupiter kukhala yaikulu chonchija. Pomwe yozizira ndi yolemera ikutuluka, ina yochepa koma yotentha imalowa mkati kudzatenga malo, ndipo ikamayandikira komwe maginito ali amphamvu imaonjezera mphamvu, mafunde ena a mu plasma momwemo n'kumakankhanso ma electron mpaka liwiro lawo kuyandikira la kuwala. Kusiyana ndi kwathu kuli pamenepa. Aurora ya dziko lapansi, kuwala komwe kumaoneka kuthambo kumpoto ndi kummwera kwenikweni tinthu timeneti tikagunda mpweya, imadikira dzuwa lichite ukali, ya Jupiter siizima, chifukwa mafuta ake ndi Io ndipo injini yake ndi kuzungulira kwa pulaneti. Ena mwa ma electron amenewa amapulumuka n'kuyenda ulendo wautali moti zombo zoyandikana ndi dziko lathu zimawawerenga, ndipo amachuluka pafupifupi miyezi 13 iliyonse pomwe ife ndi Jupiter talumikizidwa ndi mizere ya maginito a dzuwa. Zimenezi ine zimandisangalatsa kuposa chithunzi chilichonse cha chimphepo chofiira chija.

Tsono kutumiza makina kumalo otere si masewera. Pioneer 10 inadutsa mu December 1973, inali ngati yokayesa madzi kuti tione ngati chombo chingapulumuke, ndipo inalandira cheza choposa kambirimbiri chomwe chingaphe munthu, makina ake anayamba kulandira malamulo abodza obwera ndi chezacho mpaka zithunzi zina za Io zinatayika. Omwe ankakonza Voyager anaphunzirapo n'kulimbitsa zida zawo. Chombo cha Galileo chinafika mu December 1995 n'kukhala komweko mpaka September 2003, ndipo pomafika kumapeto chinali chitamwa cheza kuwirikiza kangapo kuposa chomwe anachikonzera. Mu November 2002 chitadutsa pafupi ndi kamwezi ka Amalthea, mkati mwenimweni mwa malamba, tepi yosungira zomwe chayeza inangoima. Vuto linali timagetsi tating'ono ta LED mu makina oyendetsa tepiyo, ma proton anali atasokoneza maatomu a mkati mwake. Mainjiniya, ali kuno makilomita mamiliyoni mazanamazana, anangoganiza zodutsitsa magetsi mu timagetsito kwa maola ambiri kuti titenthe pang'ono, maatomu abwerere m'malo mwake, ndipo tepi inayambanso kuyenda, zomwe inasunga zinatumizidwa.

Nzeru yomweyo inadzagwiranso ntchito pa Juno. Chombochi chinanyamuka mu August 2011 n'kufika mu July 2016, ubongo wake wonse anautsekera mu bokosi la titanium la makoma okhuthala pafupifupi sentimita imodzi, ndipo njira yake anaikonza yodutsa pamwamba pa kumpoto ndi kummwera kwa pulaneti, kulowa mothamanga pakati pa mitambo ndi malamba oopsawo kenako kuthawira kutali. Koma kamera yake, JunoCam, ili kunja kwa bokosilo. Chakumapeto kwa 2023 zithunzi zake zinali zitadzaza mizere ndi phokoso, ulendo wodutsa pafupi ndi Io uli pafupi, nde anaitenthetsa ndi hita yake yomwe kuposa nthawi zonse n'kudikira. Pa 30 December 2023 Juno inadutsa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera pa Io ndipo zithunzi zinatuluka zoyera bwino. Eya, ndavomera, apa kamera ndi yomwe inasangalatsa anthu. Koma Juno yomweyo ndi imene inaonetsa kuti maginito a Jupiter si olongosoka ngati a m'buku la kusukulu, kumpoto ndi osokonekera kuposa kummwera, ndipo pafupi ndi pakati pa pulaneti pali dera lina lomwe mizere ya maginito imalowera mkati mwamphamvu, analipatsa dzina loti Great Blue Spot ngakhale palibe chabuluu chomwe mungaone ndi maso.

Za munthu kupitako nde tisanamizane. Pa Europa, munthu woima panja angalandire pafupifupi ma sievert 5 (muyezo wa cheza) pa tsiku limodzi, mlingo womwe umapha anthu ambiri oulandira nthawi imodzi. Pa Io ndi kuwirikiza kangapo pamenepo. Ganymede ndi wochepekerapo kwambiri, ndipo Callisto yemwe ali kutali kunja kwa malamba oopsawo ndi yekhayo wooneka ngati munthu angapumeko, n'chifukwa chake kafukufuku wina wa NASA wa mu 2003 woganizira za anthu kupita ku mapulaneti akutali anasankha Callisto ngati malo omangapo msasa.

Tibwere kwa Europa. Iyeyu nthawi zonse amaonetsa nkhope imodzi kwa Jupiter, kotero ali ndi mbali yotsogola pa ulendo wake ndi mbali yotsalira, ndipo popeza plasma imamupitirira kuchokera kumbuyo, mbali yotsalirayo ndi yomwe imamenyedwa kwambiri. Mukaona zithunzi, ndi mbali yomwe ili yoderapo, yofiirira, ndipo zida za Galileo zinapezako zizindikiro za asidi wa sulufule wosakanikirana ndi madzi oundana, sulufule wake wina wochokera kwa Io yemwe uja. Pali kachinthu kena kokoma apa, ma electron amphamvu kwambiri, opitirira ma MeV pafupifupi 20 (muyezo wa mphamvu ya tinthuti), amayenda mobwerera motsutsana ndi plasma inayo nde iwo amakagunda mbali yotsogola. Palibe mbali yothawirako kwenikweni, kupatula kuti kufupi ndi kumpoto ndi kummwera kumenyedwako n'kochepa.

Tinthu timeneti tikagunda madzi oundana timawaswa. Haidrojeni, popeza ndi wopepuka, amathawa, okosijeni amatsalira, wina mu ayezi momwemo wina kukhala kampweya kopyapyala kozungulira mwezi, komwe Hubble inakaona mu 1995. Galileo inapezanso hydrogen peroxide pamwamba pa ayeziyo. Nde funso lomwe asayansi amalimbana nalo ndi ili: ngati ayezi wa pamwamba amamira pang'onopang'ono n'kukafika ku nyanja ya pansi, ndiye kuti cheza chomwe chikupha chilichonse pamwamba chikupanganso zinthu zomwe tizamoyo ta m'nyanjamo, ngati tilipo, tingapezeko mphamvu. Pa 29 September 2022 Juno inadutsa makilomita pafupifupi 350 kuchokera pa Europa n'kuwerenga haidrojeni yemwe akuthawa, ndipo mu 2024 anatulutsa zotsatira zoti okosijeni akupangidwa pafupifupi makilogalamu 12 pa sekondi, wochepa poyerekeza ndi ziwerengero zina zakale zomwe zinkafika kupitirira 1,000. Ena anazitenga ngati nkhani yokhumudwitsa. Ine sindikuona choncho, nambala yoyezedwa pamalopo ndi yabwino kuposa yongoganizira ngakhale ikhale yaing'ono, ndipo chofunika kwambiri si kuchuluka kwa yemwe akupangidwa koma yemwe akufika pansi. Vuto lina n'loti ngati pali zotsalira za zamoyo zomwe zinakwera pamwamba, chezacho chimaziphwanya, kotero chombo chodzatera kumeneko chidzafunika kukumba, masentimita ochepa m'madera otetezeka, mpaka 10 kapena 20 m'madera omenyedwa kwambiri.

Koma nanga nyanjayo tinaidziwa bwanji, poti palibe anaiona? Zithunzi zinkaonetsa ming'alu ndi zibuma za ayezi zooneka ngati zinayandama n'kuundananso, koma izo zikanatha kukhala za kalekale, nyanja itauma kale. Umboni woti madzi alipo lero unachokera ku magnetometer, kampasi ya chombo tinene choncho, yomwe gulu la Margaret Kivelson linkayang'anira. Maginito a Jupiter ndi opendekeka ndi madigiri pafupifupi 10 poyerekeza ndi mzere womwe pulaneti imazungulirapo, kotero Jupiter akamazungulira, Europa amamva maginito akugwedezeka uku ndi uku pa maola pafupifupi 11 aliwonse. Maginito osinthasintha akakumana ndi chinthu chodutsitsa magetsi amabala magetsi mkati mwake, magetsiwo n'kubalanso maginito awoawo otsutsana ndi oyamba aja. Ayezi sadutsitsa magetsi bwino, miyala yozizira nayonso ayi, koma madzi a mchere amatero. Galileo inaona kuti pafupi ndi Europa mizere ikupindika ngati pali maginito ena, koma panali funso, kodi ndi maginito akeake a Europa okhazikika kapena ndi oyankha Jupiter? Njira yodziwira inali yosavuta kuinena: adutse nthawi yomwe maginito a Jupiter apendekera mbali inayo, ngati a Europa atembenuka nawo ndiye kuti ndi oyankha. Mu January 2000 chombo chinadutsa nthawi yoteroyo ndipo anapeza atatembenuka, monga mmene chigawo cha madzi a mchere chozungulira mwezi wonse chingachitire. Callisto nayenso anaonetsa kuyankha kofananako. Ndipo chifukwa cha nyanja ya Europa yomweyi, Galileo itatopa anaiponya dala mu Jupiter pa 21 September 2003 kuopa kuti tsiku lina ingadzagwere pa Europa ndi tizilombo tochokera kuno.

Ganymede nkhani yake ndi ina. Ndi mwezi waukulu kuposa yonse, makilomita 5,268 kuchoka mbali ina kufika ina, kuposa pulaneti ya Mercury, ndipo mu 1996 Galileo inapeza kuti ali ndi maginito akeake ochokera mu chitsulo chosungunuka mkati mwake. Palibenso mwezi wina wodziwika wotero. Kotero pali ka magnetosphere kakang'ono mkati mwa chi magnetosphere cha Jupiter, kamatchinga dera la pakati pa mwezi pomwe kumpoto ndi kummwera mizere ndi yotseguka, tinthu tija timagwerako momasuka, ndipo kumeneko ayezi ndi wowala mosiyana ndi kwina. Koma maginito akeakewa anasokoneza kuyeza nyanja, chizindikiro chaching'ono choyankha Jupiter chinkabisika mu chachikulucho. Joachim Saur ndi anzake anapeza njira ina yochenjera. Ganymede ali ndi malamba awiri a aurora, ndipo maginito a Jupiter akamagwedezeka malambawo ayenera kugwedezeka nawo ndi madigiri pafupifupi 6 ngati mulibe nyanja. Atayang'ana ndi Hubble anapeza akugwedezeka madigiri 2 okha, china chake mkati chikukaniza, ndipo mu 2015 analengeza kuti ndi nyanja ya mchere pansi pa ayezi wokhuthala. Kuyeza nyanja ya mwezi wa pulaneti ina poyang'ana mmene kuwala kukugwedezekera, uli pafupi ndi dziko lako lomwe, abale, pamenepa mutu unagwira ntchito.

Ku Saturn zinthu ndi zofatsirapo. Maginito ake ndi ofooka kuposa a Jupiter ndipo mikombero yake ija imameza tinthu tambiri tomwe tikanapanga malamba oopsa. Koma kumenekonso kamwezi ndi komwe kamadyetsa dera lonse, ndipo zomwe kamachita zinapezeka ndi kampasi ya mtundu womwewo. Mu February ndi March 2005 chombo cha Cassini chinadutsa pafupi ndi Enceladus, kamwezi ka makilomita pafupifupi 500 okha, ndipo gulu la Michele Dougherty linaona kuti mizere ya maginito a Saturn ikupindika ngati ikulambalala chinachake chakummwera kwa kamweziko, komanso panali mafunde osonyeza kuti pali madzi omwe angotaya ma electron. Anakachonderera oyendetsa chombo kuti ulendo wotsatira adutse pafupi kwambiri kuposa mmene anakonzera, anavomera, ndipo pa 14 July 2005 Cassini inadutsa makilomita 173 okha. Zida zina zonse zinaona zomwe kampasi inanena, ming'alu yotentha kummwera ndi nthunzi ya madzi ikutuluka, makilogalamu mazana angapo pa sekondi. Madzi amenewa ndi omwe amapanga mkombero wina wa Saturn wotchedwa E komanso plasma yambiri ya Saturn.

Kuti ndisaoneke ngati ndikungotamanda mbali yanga, zida zimenezi zimasocheretsanso. Mu 2005 Cassini inaona ma electron akuchepa mbali zonse ziwiri za mwezi wa Rhea mofanana, ndipo mu 2008 kunatuluka nkhani yoti mwina Rhea ali ndi mikombero yake, woyamba mwa miyezi yonse. Kamera inafufuza mofatsa, sinapeze kanthu. Palinso nkhani ya kutalika kwa tsiku la Saturn, yomwe inavutitsa anthu zaka zambiri. Ku Jupiter amangomvera kugunda kwa wailesi kobwera ndi maginito opendekeka aja, tsiku ladziwika. Ku Saturn maginito ali chilili pa mzere womwe pulaneti imazungulirapo, Cassini pa maulendo ake omaliza mu 2017 inapeza kuti kupendekeka kwake sikufika n'komwe pa digiri 0.01, ndipo kugunda kwa wailesi komwe Voyager inayeza kukhala maola 10 ndi mphindi 39, Cassini inakupeza kutatalika ndi mphindi zingapo, pulaneti singachedwe chonchi pa zaka 20 zokha. Yankho linadzachokera ku mafunde a m'mikombero mu 2019, maola 10 mphindi 33 ndi masekondi 38.

Uranus ndi Neptune ndingodutsapo mwachangu chifukwa nazonso zombo zinangodutsa mwachangu, Voyager 2 yokha basi, January 1986 ndi August 1989. Maginito a Uranus ndi opendekeka ndi madigiri 59 ndipo pakati pake sipali pakati pa pulaneti, pasunthira pambali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wochoka pakati kufika kunja. A Neptune madigiri 47, osunthanso kuposa pamenepo. Pulaneti ikamazungulira, dera lonse la maginito limangogubuduzika, kutseguka ndi kutsekeka ku mphepo ya dzuwa tsiku lililonse. Kwa zaka pafupifupi 40 mabuku ankati Uranus ali ndi malamba a ma electron amphamvu modabwitsa koma plasma pafupifupi palibe, ndipo anthu ankatengera pamenepo kuti miyezi yake ndi yakufa, siitulutsa kanthu. Mu November 2024 Jamie Jasinski ndi anzake atabwereranso ku ziwerengero zakale zomwezo anapeza kuti masiku ochepa Voyager 2 isanafike, mphepo ya dzuwa inali itawomba mwamphamvu n'kufinya magnetosphere yonse, mkhalidwe womwe umachitika pafupifupi 4 peresenti ya nthawi. Mwina plasma inali itangokankhidwira kunja masiku omwewo. Tinamupeza Uranus pa tsiku losakhala lake n'kulemba mabuku. Akatswiri a ku America mu 2022 anaika chombo chokazungulira Uranus pamwamba pa mndandanda wa maulendo akuluakulu atsopano omwe akufuna, ndipo ine ndikuona kuti anachedwa kutero.

Pakali pano zombo ziwiri zili m'njira kupita ku Jupiter, ndipo zonse zinakonzedwa moganizira chezachi kuyambira pa pepala. JUICE ya European Space Agency inanyamuka pa 14 April 2023, ikuyembekezeka kufika mu July 2031, pa Europa idzadutsa kawiri kokha n'kuthawa, kenako chakumapeto kwa 2034 idzalowa mozungulira Ganymede, kukhala chombo choyamba kuzungulira mwezi wa pulaneti ina. Kampasi yake ili pa mkono wotalika mamita 10.6 kuti isamve maginito a chombo chomwecho. Europa Clipper ya NASA inanyamuka pa 14 October 2024 ndipo ifika mu April 2030. Ngakhale dzina lake ndi la Europa, siidzazungulira Europa, ikanatero ikanapsa m'miyezi yochepa, idzazungulira Jupiter patali n'kumalowa kudutsa pa Europa maulendo 49, pena makilomita 25 okha kuchokera pa ayezi, n'kutulukanso kukatumiza zomwe yapeza. Miyezi yochepa isananyamuke kunabuka mantha, zinadziwika kuti ma transistor ena omwe anali ataikidwa kale m'chombo sapirira cheza monga ankayembekezera. Atayesa kwa miyezi anapeza kuti nthawi yomwe chombo chili kutali pakati pa ulendo ndi ulendo, ma transistorwo akatenthedwa pang'ono amachira mokwanira, nde anachilola chipite.

Chomwe ine ndikudikira kwa Clipper si chithunzi. Galileo inatiuza kuti nyanja ilipo koma sinathe kusiyanitsa nyanja yakuya ya mchere wochepa ndi yosaya ya mchere wambiri, zonse ziwiri zimayankha mofanana pa kugwedezeka kwa maola 11 kuja. Koma pali kugwedezeka kwinanso kwa maola 85, nthawi yomwe Europa amatenga kuzungulira Jupiter kamodzi, poti njira yake si yozungulira ndendende ndipo maginito amakula ndi kuchepa akamayandikira ndi kutalikira. Nyanja imayankha mosiyana pa kugwedezeka kofulumira ndi kochedwa, nde ukayeza zonse ziwiri maulendo ambiri umatha kupatula kukhuthala kwa ayezi, kuya kwa madzi ndi kuchuluka kwa mchere. Chovuta n'choti plasma yochokera kwa Io nayonso imapinda mizere yomweyo pafupi ndi Europa, n'chifukwa chake Clipper yanyamula chipangizo china chotchedwa PIMS chomwe ntchito yake ndi kuyeza plasmayo kuti aichotsere pa zomwe kampasi ya pa mkono wa mamita 8.5 yawerenga, chotsalacho n'chomwe chidzakhale cha nyanja.